Kusaka wa makiyi: mmene tinayendera nyumba zakale za kuno kum'mawa

Mwana wa mlongo wanga anabwera kuchokera ku Lusaka pa holide ya mu Ogasiti, ndipo asanavule n'komwe nsapato kunyumba kwathu ku Kapata, mu Chipata, anali atandiponyera kale funso. "Amalume, aphunzitsi akuti kuno kale kunali Fort Jameson. Nanga lingalo lili pati?" Ine ndinabadwira konkuno, imvi zandipeza ndili konkuno, koma kukamwa kunangoti yasa. Ndinamuuza kuti tidzayenda tikaone tokha. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Inatitengera masiku asanu, ndipo nthawi yambiri sitinathere poyenda ayi, inathera podikira munthu amene ali ndi makiyi.

Usiku womwewo tinagula kope ndi kulemba zimene tinkadziwa. Tauni ino inakhazikitsidwa mu 1899 ndipo inatchedwa dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene chigawochi chinaphatikizidwa ndi cha kumadzulo, likulu n'kukhala Livingstone. Mnyamatayo atamva kuti Lusaka anadzakhala likulu mu 1935, Chipata atalawa kale ulemuwo, anakhala chete pang'ono. Ana a ku Lusaka amationa ngati a kumudzi, ndiye mfundo imeneyi ndinaibwereza kawiri.

Tsiku loyamba tinalawirira kukwera phiri la Kanjala dzuwa lisanawawe. Ndikulangiza aliyense kuyambira pamenepo, chifukwa ukakhala pamwamba umaona bwino kuti tauni yagona pampata pakati pa mapiri, ndipo dzina lakuti Chipata silifunanso womasulira. Totsika tinalowa mbali ya maofesi a boma. Nyumba zakale sizivuta kuzindikira ukangodziwa choyang'ana: njerwa zootcha, makoma ochindikala, denga lalitali la malata, ndi khonde lotakata lotchinga dzuwa kuti lisamenye khoma. Amene anazimanga analibe magetsi oziziritsira m'nyumba, ndiye mthunzi ankaumanga ndi njerwa. Nyumba zathu zamakono za mabuloko a simenti, za khonde longokwana mpando umodzi, mu Okutobala zimasanduka uvuni.

Pamenepo mpamene tinapalamula koyamba. Mnyamatayo anatulutsa foni n'kujambula ofesi ina ya boma, mlonda n'kutiitana. Sanatikalipire, koma anatiuza kuti tifufute chithunzicho ndipo ngati tikufuna kujambula tikapemphe kaye mkati. Kulakwa kunali kwanga, munthu wamkulu. Safunsa anadya phula. Kuchokera pamenepo lamulo lathu linali lakuti foni ikhale m'thumba mpaka titapereka moni, titanena kumene tachokera, ndi chimene tadzera.

Kenako tinatsetserekera ku Down Shops. Amwenye, ambiri ochokera ku Gujarat, anayamba kufika ku Fort Jameson cha m'ma 1905, ndipo mbali imeneyi ya tauni ndi imene anaikamo masitolo awo. Nsanamira za m'makonde, zitseko zazikulu, atelala akupalasa makina awo pakhonde, zonsezi ndinaziona kuyambira ndili mwana wotumidwa mchere, koma ndinali ndisanakwezepo maso kuona pamwamba pa zitseko. Chimene tinadzera kwenikweni chinali mzikiti waukulu uja, umene kwa ine ndi nyumba yokongola kuposa zonse mu Chipata. Tsoka lake ndinali nditaiwala kuti tsikulo linali Lachisanu. Tinafika dzuwa lili paliwombo, anthu akukhamukira ku mapemphero, mnyamata wanga ali mu kabudula.

Bambo wina wachikulire amene anakhala chapafupi anationa tikuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Mwachoma bwanji, atate," ndinatero.

"Tachoma bwino. Mukufuna ndani?"

Nditafotokoza, anaseka pang'ono n'kuti, "Lero si tsiku la alendo. Mubwere mawa m'mawa, mufunse amene amasamala pano. Mwanayu avale buluku."

M'mawa mwake tinatero. Tinadikira pafupifupi ola, wosamalayo n'kubwera. Tinavula nsapato pakhomo, anationetsa pamene anthu amasambira m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere, kenako tinalowa. Mnyamatayo anandinong'oneza kuti, "Amalume, mabenchi ali kuti?" Mulibe. Muli malo otakata oyalidwa bwino, mulibe chithunzi cha munthu ngakhale chimodzi, ndipo kukhoma la kutsogolo kuli malo olowa mkati pang'ono oloza ku Mecca. Kuchokera kuno, Mecca ali kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Mnyamatayo anatsimikiza ndi kampasi ya pafoni atapempha chilolezo, ndipo wosamalayo anasangalala kuposa ife. Anatilola kujambula nyumba, osati anthu. Amayi amene mukufuna kukaona, tengani chitenje ndi mpango wa kumutu, ndipo mufunse mbali imene mungalowere.

Ku St Anne's, tchalitchi chachikulu cha Akatolika, zinali zosavuta. Tinapita Misa ya m'mawa itangotha, zitseko zili zotsegula, tinapereka moni ku ofesi ya parishi, basi.

Tsiku lachitatu linali la ku Magwero, ndipo uku n'kumene ndinaphunzira kuti ku mishoni sulowera kunyumba imene wadzera, umalowera kwa abusa. Tinakwera galimoto yodzaza matumba a fetereza ndi anthu obwerera kumudzi, fumbi la Ogasiti lili kobo. Titatsika mnyamatayo anafuna kuthamangira kumene kunkaoneka njerwa zakale, ine n'kumugwira dzanja. Tinapita kukagogoda kwa abusa. Anali atachoka kukaona odwala. Amayi busa anatipatsa mipando pakhonde ndi madzi akumwa, n'kutuma mwana kukaitana mkulu wa mpingo, amene anali kudimba. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha. Mnyamata wa ku Lusaka anayamba kugwedeza mwendo, ine ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudikirako kunalipira. Mkuluyo atabwera, matope ali m'miyendo, anasamba n'kuvala jekete kaye, ndiye n'kutiyendetsa. Mishoni imeneyi inayamba pa 5 Julayi 1899, chaka chomwecho chimene tauni inakhazikitsidwa, ndipo anaiyambitsa ndi amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State ku South Africa. Mpingo umene lero timautcha Reformed Church in Zambia unaphukira pamenepa, ndiye dzina lakuti Magwero linagwa pake. Madzimoyo inatsatira mu 1903. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti maphunziro a ana osaona m'dziko muno anayambiranso pomwepa, mu 1905, ndi mayi wina wa mishoni, Issie Hofmeyr. Mpaka lero ku Magwero kuli sukulu ya osaona ndi ya osamva. Ife tinapeza ana ali pa holide. Mukapita sukulu zili zotsegula, chilolezo chake n'china, cha ahedi, ndipo ana a eni sajambulidwa ngati maluwa a m'munda.

Mkuluyo ankagwira khoma ndi chikhatho pofotokoza, ngati akusisita ng'ombe yake. Anatiuza kuti tiyerekeze kukula kwa njerwa zakale ndi za masiku ano, ndi kuti tione mmene mizere yake inayendera mowongoka popanda makina. Ine pamenepo maganizo anandipita kwina. Mayina amene timawerenga m'mbiri ndi a azungu amene analamula kuti pamangidwe, koma dothi anaponda ndi agogo athu, nkhuni zootchera anasenza ndi iwo, ndipo njerwa iliyonse inadutsa m'manja mwawo. Ndinauza mnyamatayo kuti alembe zimenezo m'kope, ngakhale aphunzitsi ake sadzafunsa.

Pochoka tinalemba m'buku la alendo ndipo ndinasiya kangachepe ka mpingo. Palibe amene anatchula mtengo. Nkhani ya ndalama m'malo otere imafuna nzeru: ukatulutsa chikwama poyamba umaoneka ngati wadzagula, ukachoka chimanjamanja munthu atasiya dimba lake chifukwa cha iwe umaoneka wopanda mwambo. Ine ndimanyamula makwacha ang'onoang'ono m'thumba lapadera, ndipo ndimapereka potsanzika, ndi manja awiri.

Ku Feni tinangokhalako theka la tsiku. Kumeneko n'kumene kuli Ephendukeni, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni, mfumu yaikulu ya Angoni, ndipo kunyumba ya mfumu munthu sungoti tulukiru. Umadzera kwa nduna, ndipo ngati ulibe nkhani yeniyeni ndi bwino kungoona patali mwaulemu, monga tinachitira ife. Tinalowa m'malo osungira mbiri otchedwa dzina la Nsingo, mwana wa Mpezeni woyamba, amene anatsogolera Angoni pa nkhondo yolimbana ndi azungu ndipo anaomberedwa mu 1898. Mnyamatayo anawerengera yekha pa zala: Nsingo 1898, Fort Jameson 1899. "Ndiye tauni inabwera nkhondo itangotha?" Ndinati eya. Ofuna kuona Angoni ali m'zikopa ndi zishango abwere kumapeto kwa Febuluwale, pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, koma imeneyo si nthawi yoyendera nyumba mwakachetechete.

Ulendo wa ku Lundazi ndi umene mnyamatayo ankaudikira, chifukwa ndinali nditamulonjeza nyumba ya mafumu a ku Ulaya ili pakati pa Atumbuka, ndipo ankayesa nthabwala. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata. Lawirirani, chifukwa galimoto imanyamuka ikadzaza, osati nthawi imene kondakitala wakulonjezani. Ife tinakhala pampando kuyambira m'mawa, kondakitala akungoti "tatsala awiri" kwa maola awiri athunthu, ndipo tinafika masana. Kumeneko moni amasintha. "Monire" ndi "muli uli" zimatsegula nkhope za anthu msanga, ngakhale Chinyanja amamva bwino.

Ukafunsa njira umangoti "ku Castle", aliyense akulozera. Ndipo ilipodi: nyumba ya njerwa, ya nsanja zozungulira, pamwamba pa makoma pali mano ngati a chipeso, monga nyumba za nkhondo za ku England zakalekale, koma yaing'ono, yoyang'ana damu. Anaimangitsa ndi Errol Button, DC wa ku Lundazi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kuti ikhale nyumba yogona alendo, ndipo mwana wake wamkazi anaipatsa dzina lakuti Rumpelstiltskin. Mnyamatayo anayesa kulitchula katatu, lilime n'kukana, ndiye tinamvetsa chifukwa chake anthu a kumeneko anangokhazikika pa Castle.

Pa malo onse amene tinayenda, pano mpamene panali posavuta kwambiri kulowa, chifukwa ndi hotela. Komabe sitinangolowa ngati kwathu. Tinapita polandirira alendo, tinagula zakumwa, ndiye n'kupempha ngati wina angationetse. Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anatenga makiyi n'kutikweza pa masitepe opapatiza, okhotakhota, mpaka tinaona damu lili pansi pathu. Zipinda zimene munali alendo sanatsegule, ndipo ifenso sitinaumirire.

Ndinene zoona, nyumbayi inandiseketsa isanandigometse. Linga lomangidwa nthawi imene kunalibenso nkhondo, mano a pakhoma opanda woponya mfuti kumbuyo kwake, zonse chifukwa mzungu mmodzi anali ndi mphamvu, njerwa ndi maloto. Koma titakhala panja madzulo, dzuwa likufiiritsa njerwa zija, mbalame zikutsikira kumadzi, ndinaleka kuseka. Amisiri a ku Lundazi amene anazungulitsa nsanja zimenezo anali asanaonepo nyumba yotere ndi maso awo, koma khoma lozungulira analiimika, ndipo laima zaka zoposa 70. Amene anayesapo kumanga ngakhale nkhokwe ya njerwa akudziwa kuti kuzungulitsa khoma si masewera. Tinagona ku Lundazi komweko, chifukwa kubwerera tsiku lomwelo ndi kudzizunza.

Pobwerera m'mawa mwake mnyamatayo ankawerenga kope lake, basi ikudumpha, ndiye anatembenuka.

"Amalume, koma linga lija simunandionetse."

Ananena zoona. Ndinamuuza kuti kum'mwera kwa tauni, makilomita pafupifupi 21 panjira ya ku Nsadzu, kuli malo otchedwa Fort Young, amene ali pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission, pamodzi ndi mapanga a zojambula zakale monga Thandwe. Kunatsalanso Msoro, ku Mambwe, kumene kuli St Luke's, tchalitchi chachikulu cha Anglican kuno kum'mawa, kumene wansembe Leonard Kamungu wochokera ku Nyasaland anagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Kumeneko n'kopita chilimwe, mvula isanagwe, ndipo holide yake inali itatha.

Analemba mayina atatuwo patsamba lomaliza: Fort Young, Thandwe, Msoro. Tsiku lokwera basi ya ku Lusaka anang'amba tsambalo n'kulipinda m'thumba la malaya ake, kope lonse n'kundisiyira ine, ati kuti ndisapiteko ndekha iye asanabwere.