Akamakonzanso makatuni a ubwana wathu

Makampani akamatulutsanso makatuni amene tinkaonera tili ana, anthu ambiri amapsa mtima asanaonere n'komwe, ndipo ine ndimawamvetsa. Mu 2019, kampani ya Paramount itaonetsa kachigawo ka filimu ya Sonic the Hedgehog, anthu anadandaula kwambiri pa intaneti chifukwa Sonic anali ndi mano ngati a munthu, timaso ting'onoting'ono komanso miyendo yaitali, moti kampaniyo inachedwetsa filimuyo mpaka Febuluwale 2020 kuti imukonzenso. Pamenepo odandaulawo ananena zoona.

Komabe sindigwirizana ndi amene amafuna kuti chilichonse chikhale mmene chinalili kale. The Lion King ya 2019 inatsatira ya 1994 pafupifupi pena paliponse, koma nkhope za mikango yooneka ngati yeniyeniyo sizinkaonetsa mantha kapena chisoni, ngakhale pamene kamwana ka mkango, Simba, kankalira bambo ake atafa m'chigwa. DuckTales ya 2017 inasintha zambiri, chifukwa inapatsa tiabakha titatu tapachibale, Huey, Dewey ndi Louie, aliyense khalidwe lakelake, n'kubweretsa mayi awo, Della, amene sanaonekepo m'makatuni oyambirira a 1987, ndipo kwa ine imeneyi ndiyo inalemekezadi nkhani yoyambirira.