Ndinasintha fuliwilo kuti ndizikwera chitunda ndi thumba

Kwathu ku Ntcheu msewu wopita kuchigayo uli ndi chitunda chimodzi chimene chinkandigonjetsa. Ndikamanga thumba la makilogalamu 50 pakaliyala, ndinkafika pakati n'kutsika, kumakankha njinga thukuta lili kamukamu.

Choyamba ndinagadamitsa njinga n'kuwerenga mano. Giya yaikulu ya pamapedulo inali ndi mano 44, fuliwilo, giya yaing'ono ya patayala lakumbuyo, inali ndi 18. Ukagawa 44 ndi 18 umapeza pafupifupi 2.4, kutanthauza kuti ndikapalasa kamodzi tayala limazungulira kawiri ndi kachigawo. Tayala la mainchesi 28 limayenda mamita pafupifupi 2.2 likazungulira kamodzi, ndiye kupalasa kumodzi kunkanditengera mamita asanu ndi kupitirirapo. Pachidikha n'zokoma. Pachitunda mwendo ndi umene umalipira mtunda wonsewo.

Ndinagula fuliwilo ya mano 22. Kuchotsa yakaleyo ndiye inali ntchito, chifukwa imadzimanga yokha nthawi zonse ukamapalasa. Tinamasula manati, n'kuchotsa wilo, ndipo amakaniko a pamsika anaigogoda ndi chitsulo ndi hamala kulowera kumanzere mpaka inalola. Yatsopanoyo tinaipaka girisi n'kuilowetsa ndi manja okha, pang'onopang'ono, kuti mazinga asaphwanyike. Apa musapupulume, mukalowetsa mokhota mwawononga habu yonse, chitsulo cha pakati pa wilo chomwe fuliwilo imamangidwapo. Tcheni chinafupika, tinawonjezera linki, kenako tinakoka wilo mpaka tchenicho chikumangogwedera pang'ono ukachikankha ndi chala.

Tsopano 44 kugawa ndi 22 ndi 2 ndendende. Kupalasa kumodzi kukundipatsa mamita pafupifupi 4.4 basi, koma mphamvu yofika patayala yakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Miyendo ndi yomweyi, chasintha ndi mano anayi okha. M'galimoto zilinso chimodzimodzi: pa giya wani injini imazungulira katatu, kanayi kapena kuposa apo kuti shafuti yotuluka m'giyabokosi izungulire kamodzi, n'chifukwa chake lole yodzaza imakwera phiri ikulira koma ikukwawa ngati kamba.

Tsiku loyesa ndinamanga thumba lija, n'kufika pa mtengo wa mango pomwe ndinkatsikira, mapedulo akadali kuzungulira. Ndinakafika pamwamba ndili chikhalire pa chishalo. Pobwerera, pachidikha, anyamata a kabaza anandidutsa ine ndikupalasa mofulumira kuposa iwo, ndipo sindinawathamangitse. Ufa unali kumbuyo kwanga.