Msomali umodzi unatigoneka m'majekete masiku awiri

Thabwa limodzi la pansi m'chipinda cha ana, m'mwamba, linkalira munthu akangoliponda. Akunyumba analidandaula chaka chathunthu, ndiye Loweruka lapitali ndinati lero ndithana nalo. Ndinafunyulula kapeti n'kutenga hamala. Msomali wachiwiri unalowa mofewa mokayikitsa, kenako ndinangomva kuti tsiii, ngati tayala la njinga likuphwa. Kuno ku Leeds, pakati pa January, ndinali nditaboola paipi ya madzi otenthetsa nyumba.

Msomaliwo musauzule. Ine ndinali nditagwira kale pulaya. Alamu anga a ku Bradford, omwe ndinawaimbira manja akunjenjemera, anachita kukuwa: "Alamu, usiyeni momwemo, ndi umene watseka bowolo!" Zoonadi, madzi ankangotuluka pang'onopang'ono m'mbali mwake. Anandifunsanso ngati ndikumva fungo la gasi, chifukwa mapaipi a gasi nawonso amakhala a kopa ndipo amadutsa pansi pomwepo. Likakhala la gasi, tsegulani mawindo, tulukani, imbani nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999. Imeneyo si ntchito yanu, ndi ya amisiri ovomerezeka a gasi, olembetsedwa ku Gas Safe.

Ndinathamangira pansi pa sinki kukatseka stopcock, valuvu yaikulu ya madzi olowa m'nyumba, koma kudontha sikunasiye. Boila yathu ndi ya combi, yotenthetsa nyumba ndi madzi a kumpopi omwe, ndipo madzi a m'marediyeta sachokera kumpopi nthawi zonse ayi, ndi omwewo amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Choti muchite n'kuzimitsa boila n'kudikira kuti madziwo azizire.

Tsono chimene chinandipsetsa mtima. Pali kampani ina imene timailipira mwezi ndi mwezi kuti zinthu zikavuta m'nyumba izitithandiza. Zaka zitatu, osaphonyako. Ndinakhala pafoni mphindi pafupifupi 50 ndikumvera kanyimbo kamodzimodzi, thaulo lili kuphazi. Atayankha, funso loyamba linali lakuti kodi paipiyo yaphulika yokha? Ine poti ndinaleredwa bwino ndinanena zoona. Basi nkhani inathera pomwepo. Akuti zimene mwawononga nokha mwangozi sizili m'pangano lathu, onani tsamba lakutilakuti. Pulambala akhoza kubwera tsiku lomwelo, koma ndiyambe ndalipira mapaundi 180 ongomutulutsira pakhomo pake, ntchito ndi zipangizo kwina. Ndinafunsa kuti nanga ndalama za zaka zitatu zija zinkagula chiyani? Anandiwerengeranso tsamba lomwe lija, mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unandiwawa koposa. Akunyumba anangoti, "Abambo, dulani foniyo, madzi ayamba kuoneka kudenga la pabalaza."

Ndiye ndinaganiza zokonza ndekha. Kukhetsa madzi sikovuta. Pa rediyeta imodzi ya pansi, yathu ili pafupi ndi chitseko chakumaso, pamakhala kavaluvu kokhetsera. Mumavekapo hosipaipi, kuitulutsa panja, n'kutsegula ndi sipanala. Iyayi, ndalumpha china. Musanatero tsekani mavaluvu onse awiri a rediyeta iliyonse kuti madzi a m'katimo akhale momwemo, mungokhetsa a m'mapaipi. Valuvu imodzi mwa awiriwo, yovala kachipewa kapulasitiki, muziwerenga kuti mwaipotokola kangati ndipo mulembe, chifukwa ndi imene imagawa kutentha m'zipinda. Ine ziwiri zoyamba sindinawerenge, ndipo mpaka lero kubafa kukutentha ngati kuphikira mowa. Madzi akewo ndi akuda bii ngati otsukira mbaula, ndipo akagwera pa kapeti sachoka.

Geji ya pa boila itafika pa 0 ndiye ndinazula msomali uja. Pamenepo pokha, osati kale. Nditatukula thabwa ndinapeza paipi ya kopa ya 15mm itagona m'kamphako komwe anasema pamtanda, chala chimodzi chokha kuchokera pathabwa. Ndinathamangira kusitolo n'kugula pipe slice, kachodulira kozungulira kamene kamalowa pamalo opanikizika, ndi cholumikizira wamba. Ndinadula kachidutswa koboka kaja bwinobwino. Kuti ndiveke cholumikizira, zakanika. Cholumikizira wamba chili ndi kamzere m'kati, pakati penipeni, ndiye pamafunika kukankhira paipi imodzi kumbuyo kuti chilowe. Yanga inali yomangika mbali zonse, osasuntha ngakhale pang'ono. Chofunika chinali slip coupling, chachitaliko komanso chopanda kamzereko. Usiku unali utagwa.

Lamlungu ndinadzipusitsa ndekha. Tinapita kutchalitchi, kenako macheza, ndipo ndinafika pasitolo 4 koloko itangopitirira, zitseko zili zotseka. Ku England lamulo la 1994 limalola masitolo akuluakulu kutsegula maola 6 okha Lamlungu, ndipo ambiri amatseka 4 koloko. Zaka zonsezi ndikudziwa zimenezi! Vuto la combi n'lakuti ikakhala yopanda pulesha siyaka n'komwe, yathu inkangoonetsa F22, chizindikiro chakuti pulesha yachepa, ndiye ngakhale madzi otentha osamba kunalibe. Tinatereka ketulo n'kusamba m'ndowa monga ku Dedza mu June, ana akuseka, mayi awo osaseka.

Lolemba m'mawa ntchito yeniyeniyo inatenga mphindi 20. Kupala nsonga za paipi ndi sitiliwulu mpaka ziwale, kuveka manati ndi timphete tija amati ma olive, kulowetsa cholumikizira chonse pa paipi imodzi n'kuchibweza kuti chikwirire mpata. Lembani kaye ndi cholembera pamapaipi onse awiri kuti mudziwe kuti chakhala pakati. Mangani ndi manja, kenako masipanala awiri, ina yogwira ina yopotokola, koma osachita kudzetsa ukali wonse wa kampani ija chifukwa kamphete kamaphwanyika. Alamu anga amati pansi pa matabwa ndi bwino kuwotcherera, ndipo mwina akunena zoona, koma ine moto pafupi ndi mitanda youma ayi.

Podzaza, tsekani kokhetsera kaja, tsegulani filling loop, kapaipi kodzazira madzi m'boila, pang'onopang'ono mpaka geji ifike pakati pa 1 ndi 1.5 bar, tsegulani mavaluvu a marediyeta, tulutsani mpweya ndi kakiyi kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Pulesha imatsika, mumawonjezeranso. Musaiwale mankhwala oletsa dzimbiri, ine ndinathira Sentinel X100 kudzera pa rediyeta ya kubafa ndisanadzaze.

Thabwa ndinalisiya lotsegula masiku atatu, nditayala tishu pansi pa cholumikizira, ndipo inakhalabe youma. Ndaika kachitsulo kophimba pamphako paja, ndajambula njira ya paipi pathabwa ndi inki yofiira, ndipo ndalimanga m'mabowo akale okhaokha. Zonse pamodzi sizinakwane mapaundi 40. Kudenga la pabalaza kwatsala chibanga chachikasu chonga mapu, ndipo akunyumba anena kale kuti pentiyo aitana munthu.