Momwe ndinasinthira magetsi a Ford ya 1953 kuti ilandire eyakoni

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: mphepo yozizira m'kabini. Ford F-100 ya 1953 imatentha osati masewera, injini yake ya flathead V8 imathira moto kumapazi. Ndinkati ndigula eyakoni, ndimangirira, nkhani yatha. Nditawerenga zimene kompulesa (pampu yopanikiza gasi wa eyakoni) ndi mafani amafuna, ndinaona kuti ndayambira kumchira. Zonsezo zimadya mavolti 12, pomwe galimoto yanga inali ya mavolti 6, ndipo waya wa pozitivi ndi umene unkapita ku chasisi. Ford inasiya dongosolo limeneli mu 1956. Dayinamo yake inkapereka maampu pafupifupi 35 injini ikathamanga, koma ikamalira pang'onopang'ono nyali zakutsogolo zinkachita kufiira ngati makala.

Ndinachotsa kaye batire, kenako ndinajambula waya uliwonse ndi foni ndi kuumata kapepala kolemba kumene ukupita. Ntchito yotopetsa, koma inandipulumutsa kangapo. Chosangalatsa n'chakuti mawaya a mavolti 6 amakhala onenepa kale, chifukwa mavolti akachepa maampu amachuluka, ndiye amanyamula mavolti 12 popanda vuto. Vuto linali nsalu yowakuta. Ndikangopinda waya pang'ono, nsaluyo inkayoyoka m'manja ngati khungwa louma, mkuwa n'kukhala pamtunda. Onse otero ndinawataya, ndipo ndinaika bokosi latsopano la mafiyuzi pansi pa dashibodi.

M'malo mwa dayinamo ndinaika alternator ya Delco 10SI ya maampu 63, yomwe regulator yake, kachipangizo kowongolera mavolti, ili m'kati momwemo. Ndinali nditawerengera mopereweza. Mukaphatikiza fani ya m'kabini, kilachi ya kompulesa, fani ya pa rediyeta ndi nyali, maampu 63 amatha msanga. Patapita nthawi ndinasinthanso n'kuika 12SI ya maampu 94, imene imakhala pa bulaketi yomweyo. Mukadzayamba ntchitoyi gulani yaikuluyo pomwepo, ndipo waya wochoka pa alternator kupita ku batire ukhale wonenepa, wokhala ndi fiyuzi yake.

Tsopano negetivi ndi imene imapita ku chasisi. Koyilo ndinaika ya mavolti 12 pamodzi ndi ballast resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku koyilo, kuti mapoyinti a mu distributor (chogawa moto ku mapulagi) asapse, mbali ya negetivi ikuloza ku distributor. Mababu onse, kabokosi kophethiritsa maindiketa ndi solenoid ya sitata ndinasintha tsiku limodzi. Singano yoonetsa ngati batire ikuchajidwa inkaloza chobwerera mpaka nditatembenuza njira ya waya wake. Koma geji ya mafuta ndinaiiwala. Nditapotoza kiyi singano inathamangira kumapeto, kafungo kopsa kanamveka, basi yafa. Mageji akalewa amafuna kachipangizo kotsitsa mavolti kuchoka pa 12 kubwerera pa 6, ndipo kachipangizoko n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kusakasaka geji ya zaka 70.

Sitata ndi imene inandidyera nthawi. Ya mavolti 6 imazungulirabe pa 12, ndipo sisamala kuti pozitivi ili mbali iti. Anthu ambiri amangoisiya. Ine phokoso lake silinandisangalatse: giya yake yaing'ono inkamenya mano a flywheel mwaukali, kuti gwa! Ndinkadziwa kuti mano amenewo akabenthuka ndiye kutsitsa giyabokosi. Ndinagula sitata yamakono ya gear reduction, yaing'ono ndi yopepuka, imene mota yake imathamanga koma magiya am'kati amatsitsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu. Ndinaimanga, ndinadina batani, n'kungomva kuti tyapu. Kudinanso, tyapu. Madzulo awiri ndinkanyoza sitatayo ndi amene anaipanga. Tsiku lachitatu ndinaika multimeter, chipangizo choyezera mavolti, pakati pa negetivi ya batire ndi thupi la sitata, mnzanga akudina batani. Inawerenga pafupifupi mavolti 2, pomwe siyenera kufika ngakhale theka la volti. Mphamvu inkathera panjira. Pansi pa bawuti ya waya wa ethi, wolumikiza negetivi ya batire ku chasisi, panali penti imene ndinapaka ndekha ndikukongoletsa chasisi. Ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chitawala, ndinawonjezera waya wina wa ethi kuchoka pa injini kupita ku chasisi ndi wina kupita ku kabini. Injini inalira ndisanachotse n'komwe chala pa batani.

Apa ndi pamene eyakoni inalowa. Ndinasankha bokosi lopachika pansi pa dashibodi kuti ndisadule chitsulo chakale, ndi kompulesa ya Sanden SD5H14. Gasi wake ndi R134a, chifukwa R12 wakale uja anathetsedwa kutsatira pangano la ku Montreal la 1987 kaamba kowononga ozoni, ndipo mafuta a kompulesa ayenera kukhala ogwirizana ndi gasiyo, a PAG. Kulinganiza mapule kuti lamba aziyenda mowongoka kunanditengera tsiku lathunthu ndi mawashala ochuluka. Kondensa, imene imachotsa kutentha mu gasi, inakhala kutsogolo kwa rediyeta, ndipo apa ndinali ndi nkhawa, popeza flathead imadziwika ndi kutentha: utsi wake umadutsa m'kati mwa buloko usanatuluke, n'kumatenthetsa madzi. Ndinatsukitsa rediyeta, ndinaika fani yamagetsi yodzera pa relay, ndi trinary switch imene imayatsa faniyo komanso kudula kompulesa puresha ikakwera kapena kutsika mopitirira. Drier, kabotolo kochotsa chinyezi mu gasi, ndinaitsegula pomaliza penipeni, chifukwa ikakhala pamphepo imayamwa chinyezi n'kutha ntchito. Kupopa kuchotsa mpweya m'mapaipi ndi kuthira gasi ndinasiyira wodziwa amene ali ndi makina ake. Anapopa kwa mphindi 45, n'kudikira kuona ngati singano ikusuntha. Inasuntha, kusonyeza kuti mpweya unkalowa penapake. Nati imodzi pa kondensa sindinaimange bwino.

Panopa ndikayatsa nyali, mafani onse ndi kompulesa, multimeter pa batire imaonetsa mavolti 14.1. M'kabini mumazizira moti ndimachepetsa fani. Pachikweza chachitali ndimayang'anabe geji ya kutentha, ndipo singano ikayamba kukwera ndimazimitsa eyakoni, n'kutsitsa galasi mpaka nditafika pamwamba.