Za ulendo wathu wa ku Norwich

Choyamba tithokoze mayi msungichuma. Pakanapanda kutikumbutsa kwawo pa WhatsApp m'mawa ndi madzulo, minibasi ija sitikanailipira.

Nkhani ya mapoto ndiilembe pano kuti ithe. Tinagwirizana kuti a mlembi abweretsa nyemba, achemwali a ku Leicester abweretsa mpunga. Titaima panjira kuti tidye, tinavundukula mapoto onse awiri: mpunga uku, mpunga uko, ndiwo osaoneka. Mkangano unabuka pomwepo. A mlembi kulimbikira kuti uthenga unati mpunga, achemwali kutulutsa foni kuti aliyense awerenge yekha, a wapampando kuyesa kuweruza njala ili m'mimba. Anatipulumutsa ndi agogo, amene anapisa m'chikwama n'kutulutsa usipa wokazinga ndi kabotolo ka kambuzi zomwe anachokera nazo kumudzi mwezi watha. Usipa uja tinagawana mochita kuwerenga, koma sindinadyepo mpunga wokoma chonchija. Achemwali ndi a mlembi anakhululukirana tisanakwere.

Ku John Innes Centre, malo a kafukufuku wa zomera ndi mabakiteriya ku Norwich, asayansi anationetsa timbale ta mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces coelicolor, otulutsa utoto wabuluu. Mu 2002 asayansi a kumeneko pamodzi ndi a Sanger Institute, malo ofufuzira za DNA, anawerenga DNA yake yonse, zilembo zoposa 8 miliyoni, n'kupeza magulu oposa 20 a majini (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo) otha kupanga mankhwala, pomwe kale ankadziwa ochepa chabe. Ambiri mwa majiniwa sagwira ntchito mu labu, ndiye asayansi akufufuza njira zowadzutsira.

Ife anamwino zinatikhudza kwambiri. Streptomycin, amene anachiza odwala TB ambirimbiri, anapezeka mu 1943 kuchokera ku mabakiteriya ena a m'gulu lomweli la Streptomyces. Atatchula ivermectin, mlamu wathu wa ku Thyolo anaimirira, chifukwa ndi mapiritsi amene amagawidwa kwawo chaka ndi chaka poteteza khungu ndi maso. Gwero lake ndi mabakiteriya a Streptomyces a m'dothi la ku Japan limene Satoshi Ōmura anatapa, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Atatinunkhitsa kambale kamodzi, agogo anafuula kuti, "Ili ndi fungo la mvula yoyamba!" Sanalakwe, fungo lija limachokera ku mankhwala otchedwa geosmin ndipo amawapanga ndi mabakiteriya omwewa. Pobwerera tinakambirana njira yonse kuti dothi la ku Mulanje ndi ku Nyika liyeneranso kufufuzidwa chonchi, ndi ana athu omwe.

Zikomo achimwene oyendetsa potifikitsa bwino usiku uja. Amene muli ndi zithunzi tumizani kwa a mlembi Lachisanu lisanafike.