P2015 ikatuluka: momwe ndimafufuzira ma flap a manifold kuno ku Joni

Galimoto ya VW kapena Audi ikabwera pagalaja nyali ya injini itayaka, mwini wake akudandaula kuti ikufooka pachitunda kapena ikunjenjemera ikaima pamaroboti, ndimalumikiza sikana, kachipangizo kowerenga ma code a mavuto amene kompyuta ya galimoto yasunga, ndisanagwire sipanala. P2004 ikatuluka ndiye kuti ma flap akakamira otseguka, P2006 akakamira otseka. Imene imasocheretsa anthu ndi P2015, chifukwa mawu ake amatchula sensa, ndipo ambiri akangowerenga amathamangira kukagula yatsopano. Chimene kompyuta ikunena n'chakuti pamene ma flap ali si pamene yawatuma kuti akhale. Sensa ikhoza kukhala yolakwa, koma kawirikawiri vuto ndi pulasitiki yotha kapena mwaye.

Ma flap ndi tizitseko ta mkati mwa manifold, njira imene mpweya umadutsamo polowa mu injini, kamodzi pa silinda iliyonse, tonse pashafiti imodzi. Injini ikamalira pansipansi timatseka mbali ina ya njira kuti mpweya ulowe mwaliwiro, ukuzungulira, usakanikirane bwino ndi mafuta. Mukaponda moto timatseguka.

Sindifufuta code ndisanalembe zimene kompyuta inasunga pamene vuto linachitika: rpm, kutentha kwa injini, liwiro. Kenako nditembenuza kiyi osaliza injini n'kuona zimene sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, ikuwerenga. Apa achimwene amene mwangofika kumene kuchokera ku Durban kapena ku Cape Town, samalani. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho mpweya wakuno ndi wopepuka. Kugombe sensa imaonetsa 101 kPa, kuno imaonetsa cha m'ma 83 kPa, ndipo ili bwinobwino. Geji ya vacuum nayonso imatsika: 17 mpaka 21 inHg imene mabuku amalemba ya injini yapetulo yolira payokha ndi yakugombe, kuno chotsanipo 5 kapena 6. Munthu wosadziwa zimenezi amasaka kudontha kwa mpweya kumene kulibe, tsiku lonse n'kutha.

Pa injini yapetulo ya 2.0 TSI, monga ya mu Golf 6 GTI, shafiti imakokedwa ndi kabotolo ka vacuum kokhala kumapeto kwa manifold. Solenoid yotchedwa N316 ndiyo imatsegulira vacuum, sensa G336 n'kumauza kompyuta pamene shafiti yafika. Ndimauza mnzanga aponde moto kupitirira 3,000 rpm, ine maso ali pakamkono kolumikiza kabotolo ndi shafiti. Kayenera kusuntha kamodzi n'kamodzi, ndipo akachotsa phazi kabwerere. Nthawi zina mumapeza kamkonoko kaguluka pamalo pake, kakungolendewera, kapena kakusuntha koma shafiti ili phee chifukwa pulasitiki yakumapeto inathyoka. Zikatero kufufuza kwathera pomwepo.

Ngati sikasuntha, ndimazula kapayipi n'kulumikiza pampu yamanja pakabotolo. Ndikapopa, muvi wa geji uyenera kukwera n'kuima. Ukamatsika pang'onopang'ono, labala ya mkati mwa kabotolo yang'ambika. Ukaima koma shafiti ikuyenda movutikira, mokakamirakakamira, ndi mwaye umenewo. Zonse zikayenda bwino ndi pampu, vuto lili m'mbuyo: ndimatsata kapayipi ndi zala mpaka ku solenoid, makamaka pamene kapindika, chifukwa kutentha kumakaumitsa n'kusweka pansi pomwe diso silifika. Papulagi ya solenoid payenera kupezeka 12 V kiyi ikatembenuzidwa, ndipo ndikaituma ndi sikana iyenera kumveka kuti tha, tha.

Sensa ndimaiyesa pomalizira. Ili ndi mawaya atatu: wa 5 V, wa earth, ndi wa siginolo. Ndimapopa pampu pang'onopang'ono ndikuyang'ana mita. Nambala ikamakwera mosalala, sensa ilibe mlandu. Ikamalumphalumpha kapena kuzimirira pakati, pamenepo ndiye ndimavomera kuti yatha.

Pa injini yadizilo ya 2.0 TDI ya common rail nkhani ndi ina. Palibe vacuum, pali kamota ka magetsi, V157, ndipo sensa ili mkati mwake. Kachidutswa kamene kamaimitsa kamkono kakafika kumapeto kamaperepeseka, kamkono n'kumapitirira malire pang'ono chabe, kompyuta n'kulemba P2015. Pali kabulaketi kachitsulo kamene amagulitsa ka vuto limeneli, komangira pakamotako, ndipo kamagwira ntchito. Koma ndisanakamange ndimamasula kamkono n'kuyendetsa shafiti ndi dzanja. Ikakhala yolimba kapena ikugwedera m'mabowo ake, kabulaketi sikathandiza, nyali idzayakanso.

Mwaye umachokera kuwiri. Padizilo, utsi wobwerera kudzera pa EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, umakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera ku breather, n'kupanga phala lakuda ngati phula. Pa TSI petulo amapopedwa mwachindunji m'silinda, sadutsa pamavalavu kuti awatsuke. Galimoto zoyenda timitunda tifupitifupi, kapena zongokwawa mumzere wa pa msewu wa M1 m'mawa ndi madzulo, ndizo zimadzaza msanga.

Kutsuka kumafuna kuchotsa manifold. Ndimayamba ndazula batire. Pa TSI mafuta a mu rail, payipi yopereka mafuta ku ma injector, amakhala ndi mphamvu yaikulu, choncho injini izizire kaye, ndipo pomasula payipi ndimakulunga nsalu. Ma injector ena amazukira limodzi ndi manifold. Iliyonse yazuka imafuna ma seal atsopano, musabwezeretse akale. Mabowo a pa head ndimawatseka ndi nsalu yoyera nthawi yomweyo, chifukwa kabawuti kamodzi kakagweramo injini yapita. Popala mwaye pamavalavu ndimazungulitsa injini kuti mavalavu a silinda imeneyo akhale otseka, n'kutulutsa zinyalala zonse ndisanapite pa ina. Magasiketi ndimaika atsopano nthawi zonse.

Ndalama zikavuta, manifold yakale ya kumasikirapu a ku Booysens ikhoza kuthandiza, bola muigwedeze shafiti muli pomwepo, muone kuti tizitseko tonse tinayi tikuyendera limodzi, ndipo nambala ya pati ifanane ndi yanu. Yogwedera isiyeni, ngakhale atsitse mtengo bwanji.

Ndikamanga zonse ndimachita adaptation ndi sikana kuti kompyuta iphunzirenso malire a ma flap, potseka ndi potsegula. Sitepe imeneyi ikadumphidwa, code imatha kubwerera ngakhale manifold ili yatsopano. Ndikatero ndimafufuta ma code, injini itenthe, n'kulowa pa msewu wa M2, kuikweza kupitirira 3,000 rpm n'kuitsitsa kangapo, kuizimitsa, kuilizanso, n'kulumikizanso sikana ndisanapereke kiyi kwa mwini wake.