Mano a tonde pa Mussacama

Chapa (minibasi) imene tinakwera ku Ulongwe inafa titatsala pang'ono kufika pa Mussacama, pamphambano ya msewu wochokera ku Zóbue. Dalaivala anati lamba wa injini waduka, anatuma mnyamata wake ku Moatize, ife n'kukakhala pansi pa mtengo. Amene simunatsikepo kuchoka ku Angónia kupita ku Tete, dziwani kuti juzi imene mumavala m'mawa kumapiri kuja imasanduka katundu mukafika kuno. Madzi gulirani konko. Apa kabotolo anandigulitsa meticais 50, ofunda, ndipo wogulitsayo ankaoneka ngati akundikomera mtima.

Mu chapamo munali bambo wina wachikulire amene amagula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa mumzinda wa Tete. Anyamata a pafupi atamva anabwera ndi tonde, ati ngwa chaka chimodzi. Madalawo sanakangane nawo. Anamupana pakati pa miyendo, kumukanula kukamwa, n'kuseka. "Ana inu, mano aakulu asanu ndi limodzi awa, mukuti chaka chimodzi? Ameneyu wadya msipu wa madzinja atatu." Mtengo unatsika pomwepo.

Popeza nthawi inalipo yambiri, ndinawauza kuti ofufuza za anthu akalekale ntchito yawo ndi yomweyo, kuwerenga m'kamwa.

"Aphunzitsi, m'kamwa mwa munthu wakufa?"

Ndinati eya bambo. Mbali yoyera ya kunja kwa dzino ndi yolimba kuposa fupa lililonse m'thupi, nchifukwa chake nthiti ndi zala zimatha m'nthaka koma mano amatsala. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, ku Malawi, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linatola nsagwada ya m'munsi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Anayeza kukula kwa mano achibwano, kuchindikala kwa mbali yoyera ija ndi mmene mizu yake inagawikira, n'kunena kuti mwini wake anali wa mtundu wa Homo rudolfensis. Mu 1996, ku Malema m'boma lomwelo, kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba chokhala ndi mano achibwano aakulu zedi, ophwatalala, oyenera kupera zakudya zolimba. Ameneyo anati ndi Paranthropus boisei, mtundu umene Mary Leakey anaupeza ku Olduvai, ku Tanzania, mu 1959. Mitundu iwiri, dera limodzi, nyengo yoyandikana, wosiyanitsa ndi mano.

Chimene chinawasangalatsa madalawo ndi nkhumba. Zaka za nsagwada ya ku Uraha anazidziwira pa mano a nkhumba zakale opezeka m'dothi lomwelo, chifukwa mano a nkhumbazo ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, ndipo ofanana nawo anali atawerengedwa kale zaka ku Ethiopia ndi ku Kenya. Anaomba m'manja. Kenaka anakhala chete, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Koma ine mbuziyi ndaiona yonse, nyanga, miyendo, msana. Iwowo angoona nsagwada yokha, basi atcha mtundu?"

Funso limenelo si la munthu wosadziwa. Akatswiri eni ake sagwirizana mpaka lero. Ena amati Homo rudolfensis ndi Homo habilis (mtundu wina wa anthu akalekale) wa thupi lalikulu chabe, ena amakana n'komwe kumuika m'gulu la Homo, limene tilimo ife anthu. Ine ndimaona kuti dzino limanena bwino zimene mwini wake ankatafuna ndi msinkhu umene anafera, koma pa nkhani ya chibale limafuna mboni ina, chigaza kapena fupa la mwendo.

Lamba anabwera dzuwa litapendeka. Za msewu wotsalawo ndilibe zambiri, ndinagona, n'kudzadzidzimuka ndi fumbi la malasha ku Moatize. Anthu amafunsa ngati okumba malashawo sapeza mafupa a makolo. Sangapeze. Miyala imeneyo ndi ya zaka zoposa 250 miliyoni, nthawi imene kunalibe munthu ngakhale nyani, ndipo mitengo yosanduka miyala ya ku Mágoè, m'chigawo chomwechi cha Tete, ndi ya nyengo zakutali zomwezo. Chimene chimandiwawa nchakuti ana athu ku Angónia amaloweza za Olduvai koma za Karonga sanamvepo, chonsecho nyumba yosungira zakale ya ku Karongako inatsegulidwa mu 2004 ndipo ambiri amene mungawafunse njira amamva Chichewa. Kutalika kokha ndiye kulipo. Popita ku Karonga, mukatulukira pa Calómuè kulowa ku Dedza, konzani ndalama ya malo ogona ku Mzuzu, ndipo meticais anu sinthani musanachoke pa malire.